Musamumvere Chisoni Kimberly Levaco

Ndi Loweruka usiku, chaka cha 1999, m'dera la Bergen County ku New Jersey, m'dziko la America. Ana asukulu asonkhana ku Skater Planet, malo amene achinyamata amakatsetsereka pa madzi oundana atavala nsapato zokhala ndi chitsulo kunsi kwake. Chapambali pakhala munthu amene mukamuyang'ana nkhope munganene kuti anadutsa kale zaka 60. Wavala ngati mtsikana wa kusekondale, ndipo m'khosi mwake muli mkanda wa maswiti umene akuuluma pang'onopang'ono. Akudikira bambo ake amene analonjeza kudzamutenga, koma nthawi yapita, iwo adakali kumowa. Dzina lake ndi Kimberly Levaco. Kwatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 16, ndipo ali ndi matenda amene amakalambitsa thupi mofulumira kanayi kapena kasanu kuposa mmene anthu ena amakalambira. Amene ali ndi matenda akewo kawirikawiri amathera pa zaka 16 zomwezo.

Umu ndi mmene limayambira sewero loimba la Kimberly Akimbo, ndipo sipapita mphindi zambiri oonerera asanayambe kuseka. Amaseka mpaka kumapeto, ena misozi ili m'masaya. Pali anthu amene zimenezi zimawavuta, ndipo funso lawo ndi lomveka: mwana akufa, bambo ake ndi chidakwa, mayi ake amangodziganizira okha, ndiye choseketsa n'chiyani? Ine ndikuti kusekako n'koyenera. Sewero likanakhala la misozi yokhayokha likanamusandutsa Kimberly wodwala chabe, pamene iye ndi mtsikana wanzeru, wanthabwala, amene wayamba kumene kukonda mnyamata. Koma kuti holo yonse iseke popanda kumunyoza wodwalayo pamafunika luso, ndipo lusolo lili ndi zigawo zake zimene tingathe kuziloza ndi chala. Amene sakonda kudziwiratu mathero a sewero andikhululukire, chifukwa ndiwatchula.

Nkhaniyi analemba David Lindsay-Abaire ngati sewero longoyankhula, ndipo inaonetsedwa koyamba mu 2001 ku South Coast Repertory ku California, kenako ku New York mu 2003. Patapita zaka 20, iye pamodzi ndi wopeka nyimbo Jeanine Tesori anaisandutsa sewero loimba, lotsogoleredwa ndi Jessica Stone. Linayambira ku Atlantic Theater Company kumapeto kwa 2021, n'kusamukira ku Booth Theatre ku Broadway, dera la zisudzo zikuluzikulu la mumzinda wa New York, komwe linatsegulidwa pa 10 Novembala 2022 n'kutsekedwa pa 28 Epulo 2024. Pa mphoto za Tony, zimene zimaperekedwa kwa masewero a ku Broadway, mu 2023 linapikisana m'magawo 8 n'kupambana 5, kuphatikizapo ya sewero loimba lopambana onse. Osewera ndi 9 okha, ndipo sewero lili ndi zigawo ziwiri ndi kupuma pakati.

Chinthu choyamba ndi kusankha wosewera Kimberly. Mu 2001 anali Marylouise Burke, mayi wachikulire. Ku Broadway anali Victoria Clark, wobadwa mu 1959, kutanthauza kuti ankasewera mtsikana wa zaka 16 iye ali ndi zaka 63. Gulu lina la zisudzo likhoza kuganiza zotenga mtsikana weniweni, kumujambula makwinya kumaso ndi kumuveka wigi ya imvi. Njira imeneyo imapha sewero. Makwinya ojambula amanamiza munthu amene wakhala kumbuyo kwa holo, koma wa mzere woyamba amaona penti, ndipo thukuta la pansi pa magetsi a pasiteji limayamba kuwasungunula gawo loyamba lisanathe. Choipa kwambiri n'chakuti oonerera amayamba kusirira ntchito ya wopakayo, kumanong'onezana kuti koma ndiye amukalambitsadi, maganizo n'kuchoka pa munthu kupita pa matenda. Akakhala mayi wa zaka 60 weniweni palibe chonamizira. Khosi lake, mawondo ake, mmene amadzukira pampando, zonsezo anabwera nazo kuchokera kunyumba. Ntchito imene yamutsalira ndi imodzi, kutionetsa mtsikana amene ali mkati mwa thupilo.

Apa ndiye pamene ambiri amapunthwa. Munthu wamkulu akauzidwa kuti asewere mwana amathamangira kutsanzira: kamawu kakang'ono, kudumphadumpha, maso tong'o. Ameneyo ndi mwana wa sitandade 1, ndipo anthu akamaseka amakhala akuseka wosewerayo. Mtsikana wa zaka 16 amachita kubisala. Manja a juzi amawakokera mpaka kuphimba zala, mapewa amawagwetsa, akafunsidwa funso amayankha akuyang'ana pansi, mnyamata akamuyamikira amasowa poika manja. Amafunitsitsa kuti anthu amuone, kwinaku akupemphera kuti asamuone. Mawu nawonso ali ndi lamulo lake. Clark ndi woimba wophunzitsidwa bwino, wa mawu okwera ndi olemera, koma mukamvetsera chimbale cha nyimbo za seweroli chimene chinatuluka mu 2023, mumva kuti wawapeputsa, ndipo kunjenjemera kumene oimba akuluakulu amakometsera nako noti yaitali wakuchepetsa. Amawamasula m'malo ochepa okha, pamene Kimberly walephera kudzigwira. Woimba amene angatulutse mphamvu zake zonse kuyambira nyimbo yoyamba adzaomberedwa m'manja ndithu, koma anthu adzakhala akuombera mayi waluso, Kimberly atasowa.

Mtolo womwewo ausenzanso mnyamata wosewera Seth Weetis, mnzake wa m'kalasi amene amagwira ganyu ku Skater Planet, amaimba chilipenga chachikulu chotchedwa tuba, ndipo mayi ake anamwalira. Justin Cooley ankasewera mbali imeneyi ku Broadway asanakwanitse zaka 20. Chikondi cha mayi wa zaka 63 ndi mnyamata wa msinkhu umenewo pasiteji chikhoza kuchititsa holo yonse manyazi, ndipo chimapulumuka chifukwa cha chinthu chimodzi: Seth saona nkhalamba ngakhale kamodzi. Taonani mmene chimayambira. Seth amakonda kusinthanitsa zilembo za mawu kuti apange mawu ena. Atenga pepala, alemba zilembo 14 za dzina lakuti Kimberly Levaco, ayamba kuzisuntha akung'ung'udza yekha, mpaka atulutsa mawu akuti "Cleverly Akimbo", kutanthauza kuima mochenjera manja ali m'chiuno. Pamene iye akulimbana ndi zilembozo, Kimberly akuimba za mumtima mwake, akudabwa kuti wayamba kumukonda mnyamatayu. Nyimboyi ili ndi misanjiko iwiri, kung'ung'udza kwa Seth pansi ndi mawu a Kimberly pamwamba, ndipo kuti igwire, maso a Seth ayenera kukhala papepala, a Kimberly pa Seth. Mnyamatayo akangodzutsa mutu n'kumuyang'ana ndi nkhope yachifundo, nyimbo yafa, chifukwa wasanduka mlendo wodzazonda matenda. Chimene Kimberly akuchikonda n'chakuti kwa nthawi yoyamba munthu watanganidwa ndi dzina lake, za thupi lake waiwala.

Tsopano za matendawo, poti pamenepa pali chidzudzulo chenicheni. Matenda a Kimberly ndi opeka, amangofanana ndi progeria. Progeria yeniyeni, imene madokotala amaitcha Hutchinson-Gilford potengera mayina a madokotala awiri a ku England amene anaifotokoza mu 1886 ndi 1897, imagwira pafupifupi mwana mmodzi pa ana 4 miliyoni obadwa. Imayamba ndi kusokonekera kwa jini yotchedwa LMNA, zimene akatswiri anazitulukira mu 2003. Thupi limapanga puloteni yolakwika, progerin, imene imawononga maselo, makamaka a mitsempha ya magazi. Mwana amabadwa akuoneka bwinobwino, koma asanakwanitse zaka ziwiri amasiya kukula bwino, tsitsi limathothoka, mafuta a pansi pa khungu amatha, mfundo zimalimba. Nzeru zake sizikhudzidwa. Popanda mankhwala ambiri amamwalira ali ndi zaka pafupifupi 14 kapena 15, ndi matenda a mtima kapena sitiroko. Mankhwala oyamba, lonafarnib, anavomerezedwa ku America mu Novembala 2020, ndipo amangowonjezera moyo pang'ono, sachiza. Amene amatsata nkhani za ku South Africa akumbukira Ontlametse Phalatse, mtsikana wa progeria amene anamwalira mu Epulo 2017 ali ndi zaka 18.

Ndiye wodzudzula akati mwana wa progeria saoneka ngati mayi wa msinkhu wabwinobwino, akunena zoona, chifukwa amakhala wamfupi ndi wochepa thupi kwambiri. Akati progeria kawirikawiri siichokera kwa makolo, imangochitika mwadzidzidzi m'jini ya mwanayo, pamene m'sewero makolo akuopa kuti mwana wawo wina adzabadwa ndi matenda omwewo, akunenanso zoona. Munthu asaphunzire za progeria kuchokera pasiteji. Koma wolemba anachita bwino kupeka matenda ake. Akanati atenge enieni, akanamangika kuti aonetse zonse monga zilili, mankhwala, maulendo a kuchipatala, kupima mtima, ndipo mabanja amene akusamalira ana otere akanakhala ndi ufulu womufunsa pa cholakwika chilichonse. Mmene anachitiramu, matenda akugwira ntchito ya wotchi. Aliyense m'holomo akudziwa nambala ija ya 16, akudziwanso kuti tsiku lobadwa la Kimberly lili pafupi, ndiye chilichonse chimene akuluakulu akuchizengereza chikupweteka kawiri. Bambo akachedwa maola atatu kukamutenga, tonse timawerengera kuti kwa mwana ameneyu maola atatu ndi ambiri bwanji.

Mtima wa seweroli uli m'nyumba ya a Levaco, ndipo m'menemo ndi mmene muli kuseka kochuluka. A Buddy, bambo ake, amalonjeza kusiya mowa n'kuyambiranso. A Pattie, mayi ake, ndi oyembekezera, manja onse awiri ndi omangidwa atachitidwa opaleshoni, ndipo nthawi zonse amadzipezera matenda amene alibe. Amajambula vidiyo yolankhula ndi mwana amene ali m'mimba, pamene mwana amene ali naye kale tsiku lake lobadwa aliiwala. Chifukwa anabereka Kimberly adakali achichepere, osewera makolowa amakhala aang'ono kwambiri kwa wosewera mwana wawo. Maso amaona chinthu chimene pakamwa sipanena: amene akuoneka ngati agogo m'nyumbamo ndiye mwana, ndiponso ndiye yekha amene akuchita zinthu ngati munthu wamkulu. Wodwala ndiye akudwazika wabwinobwino.

Lamulo la nthabwala za m'seweroli ndi lakuti kuseka kusagwere pa thupi la Kimberly. Kumagwera pa akuluakulu amene akuzemba choonadi. Pamene Kimberly wanena nthabwala ya matenda ake, imakhala yake, wainena yekha, ndipo timaseka naye limodzi. Wotsogolera sewero ayenera kuyang'ana nthabwala iliyonse poyeserera n'kufunsa kuti kodi ikugwera ndani. Akapeza kuti anthu akuseka chifukwa mayi wachikulire wagwada movutikira kapena wapuma wefuwefu, achotse kachitidwe kameneko ngakhale kakhale koseketsa chotani.

Makolowo ndi ovuta kuwasewera kuposa mmene amaonekera papepala. Wosewera chidakwa amakonda kudzandira, kukoka mawu, kugwa pamipando. Chidakwa chenicheni chimayesetsa kuoneka ngati sichinalawe. Chimayenda mowongoka mopitirira muyeso, chimatchula mawu mosamala kwambiri, chimafotokoza chifukwa chimene chachedwera asanachifunse aliyense. A Buddy akaseweredwa choncho anthu amaseka chifukwa akumudziwa munthu wotere, ndipo amamva kupweteka chifukwa akuona kuti bamboyu mwana wake amamukonda ndithu, kungoti akuopa kumuyang'ana. A Pattie nawonso ayenera kukhulupirira ndi mtima wonse kuti ndi mayi wabwino. Wosewerayo akangotitsinzinira diso kutiuza kuti nayenso akudziwa kuti mayiyu ndi woipa, timapeza chilombo choti tichide, ndiyeno funso lakuti Kimberly akulimbikiranji kufuna chikondi cha anthu otere limasowa yankho. Makolowa akulira maliro a mwana amene adakali moyo, ndipo aliyense wapeza kothawira: wina kubotolo, wina kwa mwana amene sanabadwe.

Nyimbo zili ndi ntchito yake imene kuyankhula sikungaikwanitse. Chakumayambiriro Kimberly akulemba kalata ku bungwe limene limakwaniritsa zofuna za ana odwala kwambiri. Amayamba ndi zikuluzikulu, zimene mtsikana aliyense angalote, ndipo anthu amaseka. Kenako zida zimachepa, liwiro limatsika, ndipo osazindikira wayamba kupempha chakudya chophikidwa pakhomo, banja lonse lili patebulo limodzi ngati mabanja ena. Atazindikira kuti chimenecho palibe bungwe lingamupatse, amangopempha kanyumba ka mumtengo. M'masewero oimba, nyimbo yotere imene mwini nkhani amanena chimene akufuna imaikidwa koyambirira dala, kuti oonerera adziwe choti aziyembekezera. Ndipo chakudyacho chimabweradi m'gawo lachiwiri. Banja likhala patebulo, zonse zikuyenda bwino kwa kanthawi, mpaka chinsinsi chiphulika: banjali linathawa mwachangu kuchoka m'tauni ya Lodi, kumene linkakhala kale, chifukwa cha nkhani ya bambo wina woyandikana nawo nyumba, amene a Pattie anapitako kuti atenge pakati pa mwana wopanda matenda a Kimberly. Chimene mtsikanayo anapempha m'gawo loyamba wachilandira, ndipo patebulo pomwepo wamva kuti makolo ake anakonza kale womulowa m'malo. Kupanda nyimbo ya kalata ija, chakudyachi chikanangokhala mkangano wa m'banja ngati mikangano ina yonse.

Chimodzimodzi m'kalasi ya sayansi. Ana anayi a m'kwaya ya pasukulupo, Martin, Aaron, Delia ndi Teresa, akufotokoza matenda amene anasankha, osowa vitamini C ndi a nyongolotsi za m'chiwindi cha nkhosa, mwa nyimbo ndi magule, holo n'kumafa ndi phwete. Ikafika nthawi ya Kimberly ndi Seth nyimbo ndi yomweyo, koma mtsikanayo akufotokoza thupi lake pamaso pa anzake, mpaka aona poyera kusiyana kwake ndi iwo. Mavuto awo onse a unyamata adzatha akadzakula, pamene kwa iye kukulako ndiye matenda. Kuseka kwa mphindi ziwiri zapitazo ndi kumene kwatsegula mitima ya anthu, ndipo mawu akewo amalowa opanda chowatchinga. Munthu amene wakhala akulira kwa ola lathunthu amaumitsa mtima kuti adziteteze.

Zonsezi zimadaliranso ntchito za manja zimene oonerera saziona. M'nyimbo yoseketsa liwu lofunika limakhala kumapeto kwa mzere, ndiye woimba akameza zilembo zomalizira kapena ng'oma ikamuphimba, nthabwala yatayika ndipo siibwereranso. N'chifukwa chake wosewera aliyense amavala kamaikolofoni kobisika m'tsitsi chapamphumi, ndipo woyendetsa zokuzira mawu amakweza ya amene akuyankhula yekha, mzere ndi mzere, kuti phokoso la ena lisalowe. Bandi iyenera kukhala pansi pa mawu nthawi zonse. Anthu akaseka, wosewera amadikira, koma sadikira mpaka kuseka kutheretu. Amalowa pamene kwafika pamwamba n'kuyamba kutsika. Akafulumira, mzere wotsatira sumveka ndipo oonerera amaphunzira kusaseka kuti asaphonye mawu. Akachedwa, holo imazizira. Pamalo achisoni cholakwika chofala ndi kukoka liwiro la nyimbo kuti anthu alire, ndi kuzimitsa magetsi onse n'kusiya limodzi pa wodwala. Kutero ndi kulamula anthu kuti lirani tsopano, ndipo anthu akalamulidwa misozi imabwerera. Kimberly amalimbana ndi misozi yake, ndipo oonerera amalira chifukwa iye wakana kulira.

Pali mbali imene sindigwirizana nayo kwathunthu. Anti ake a Debra, achemwali a mayi ake, amene kwathu kuno tikanangoti ndi mayi ake ena, ndi kathyali. Amaba bokosi la makalata, n'kuphunzitsa ana asukulu aja kusintha macheke a anthu ena kuti akatape ndalama kubanki. Bonnie Milligan anapata mphoto ya Tony pa mbali imeneyi, ndipo nyimbo zake zimagwedeza holo. Koma eni macheke aja sitiwaona ngakhale mmodzi, ndipo sewero limawadumpha ngati kuti ndalamazo zinalibe mwini. Ana anayi aja nawonso, amene aliyense akukonda mnzake amene akukonda wina, amathandiza kwambiri pa kaimbidwe koma ngati anthu ndi opepuka, sitiwadziwa mokwanira. Amene akuti gawo lachiwiri limataya nthawi pa umbava ndiwamvetsa.

Komabe chiwembu chimenechi chimabala chinthu chimodzi chimene sewero lonse lakhala likuchikonzera. Kuti macheke asinthidwe kubanki pakufunika munthu wooneka wachikulire amene wogwira ntchito kubankiko sangamukayikire, ndipo munthuyo ndi Kimberly. Kwa maola pafupifupi awiri tamuona m'zovala za mtsikana mpaka taiwala nkhope yake. Ndiyeno atulukira atavala ngati agogo, diresi, kachikwama m'manja, ndipo holo imene imaseka ija imangoti zii. Palibe penti imene yawonjezedwa. Ndi mayi yemwe uja, nkhope yomwe ija, koma tsopano tikuona zimene anthu a mumsewu amaona akakumana naye, tikuonanso ukalamba umene sadzaufika. Wokonza zovala asakokomeze pamenepa ndi ndodo, magalasi aakulu kapena kuwerama. Zovala zikhale zenizeni, zomukwana bwino, zoti mayi wa zaka 70 angavale popita kutchalitchi. Zikakhala zoseketsa, anthu aseka ndipo ntchito ya maola awiri yapita m'madzi.

Ife sewero la matenda timalidziwa, makamaka kuyambira nthawi imene Edzi inavuta: wodwala ali pamphasa akutsokomola, abale akulira, kenako wazaumoyo alowa n'kupereka uthenga. Masewero amenewo anali ndi ntchito yake ndipo anaigwira. Koma wodwala wa m'masewero otere kawirikawiri sakhala ndi chimene akufuna kupatula kuchira kapena kulapa, ndipo tikatuluka timakumbukira uthenga, dzina lake taliiwala. Chonsecho aliyense amene anadwazikapo m'bale wake kuchipatala akudziwa kuti pa wodi anthu amaseka, odwala amanyogodolana, mnyamata wogonekedwa amafunsabe za mpira ndi za mtsikana amene sanabwere kudzamuona. Olemba zisudzo athu ali ndi choti atengepo pa Kimberly, ndipo sichifuna siteji ya ku New York: wodwala apatsidwe chofuna chake chosakhudzana ndi matenda, ndipo aloledwe kulakwa.

Chidzudzulo chomaliza ndi cha makolo, chakuti sasintha. Ndi zoona. Kimberly atagwa n'kugonekedwa m'chipatala, abwerera kunyumba n'kupeza chipinda chake chakonzedwa kale kuti chikhale cha khanda. Owonera ambiri amafuna kuti apa a Buddy atsanulire mowa pansi, a Pattie agwade n'kupepesa, banja likumbatirane. Sewero limakana, ndipo likanavomera likananamiza mwana aliyense amene akukulira m'nyumba yotere, kumuuza kuti akangopirira mokwanira makolo ake adzasintha. Chimene chimasintha ndi Kimberly. Amawauza mosakuwa kuti akudziwa kuti sanali mwana amene ankamufuna, n'kuwapempha kuti amuone mmene alili nthawi idakalipo. Wosewerayo akaimba nyimboyi mokwiya imasanduka kubwezera. Iyenera kuimbidwa ndi munthu amene wasiya kudikira, ndipo makolowo aime chilili, osamuyandikira, kuti mtunda wa pakati pawo uoneke ndi maso.

Akatero amajambulira mng'ono wake wakhandayo uthenga pa vidiyo ija, n'kunyamuka ndi Seth pa galimoto, ndalama za macheke zili m'thumba, kupita kumalo osangalalira a Six Flags Great Adventure kumene anthu amaona nyama zakutchire ali m'galimoto. Imfa yake sitiiona. Wotsogolera amene angayesedwe kuwonjezera chizindikiro, kaya magetsi oyera kumugwera Kimberly yekha, kaya bedi lopanda munthu kumbuyo, adzigwire. Nyimbo yomaliza ndi yothamanga, ya gulu lonse, ndipo magetsi ayenera kuzima ana awiriwo adakali paulendo.